Elekitironi Imodzi ya a Chigoba

Makina a fotokope a m'shopu ya pafupi ndi pokwerera basi anali ndi chilema. Galasi lake linali lokandika, ndipo pepala lililonse linkatuluka ndi kamzere kakuda kumanzere, kowonda ngati ulusi, kothyoka pang'ono chapakati. Mtsikana wogwira ntchito m'shopumo ankakadziwa kamzereko ngati chipsera cha pamwendo pake.

Anthu ankamuitana ndi dzina la pachikwangwani cha pakhomo, poganiza kuti ndi lake. Silinali lake. Linali la mayi eni shopu, omwe ankabwera kawiri pa sabata kudzadandaula za inki. Chaka choyamba mtsikanayo ankawakonza anthu. Chaka chachiwiri anatopa, n'kuyamba kungovomera.

Tsiku lina masana, kukutentha moti ngakhale ntchentche zinali zitakhala pansi, munalowa bambo wa jekete ndi tayi. M'thumba la pachifuwa munali zolembera zitatu, zofiira zokhazokha.

"Mafotokope 70," anatero, akuika pepala patebulo ndi manja awiri. "Ndipo muligwire bwino, achemwali. Pepala limeneli latulutsa madokotala atatu."

Mtsikanayo analiyang'ana. Panali mizere yozungulira, ina m'kati mwa inzake, timadontho, ndi muvi wochoka kumanzere kupita kumanja.

"Funso limeneli ndi limene linandigwetsa," anatero asanaganize.

"Linakugwetsani?"

"Pamayeso omaliza a sekondale. Ndimafuna unamwino, koma sayansi inandikana. Panopa ndikubwereza. Ndimapita kukalasi Loweruka lililonse."

Bamboyo anakonza tayi. Anali mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya kuseri kwa msika. Ana ankawatchula kuti a Chigoba, chifukwa phunziro silinkatha osanena mawu akuti "chigoba chakunja". Iwo dzinalo ankalidziwa, ndipo ankaliyesa ulemu.

"Mulungu ndi wabwino, wakutumizirani munthu woyenera," anatero a Chigoba. "Taonani. Atomu ili ndi zigoba ngati anyezi, ndipo m'zigobamo mumakhala maelekitironi, timadontho timeneti. Am'kati alibe nkhani. Nkhani yonse ili pa chigoba chakunja. Kunjako kukakhala eyiti, atomu imagona tulo. Uyu ndi sodiyamu, kunja ali ndi imodzi yokha. Uyu ndi kolorini, ali ndi seveni, akusowa imodzi. Ndiye zitha bwanji?"

"Sodiyamu apereka yakeyo."

"Akapereka akhala chiyani? Pulasi kapena mayinasi?"

"Mayinasi. Poti wataya."

A Chigoba anatsinzina ngati munthu amene wapondedwa chala m'basi.

"Cholakwa chimenecho ndi chimene chikusaukitsa dziko. Elekitironi payokha ndi mayinasi, achemwali. Ukataya mayinasi umatsala pulasi. Wotaya ndiye amakhala pulasi, wolandira mayinasi. Akatero sakhalanso maatomu wamba, asanduka maayoni, ndipo amakokana, amagwirana, osasiyananso. Mchere umene mumathira m'chakudya ndi ukwati wa awiriwa."

Makina ankalavula mapepala. Mtsikanayo anapeza kuti akumwetulira. Panali patapita nthawi munthu asanamufotokozere kanthu akumuyang'ana m'maso.

"Ana anga 64 onse adzakhoza chaka chino," anatero a Chigoba potuluka. "Ndikalemba dzina lanu mumtima, mukhale wa 65."

Anabweranso patatha masiku atatu, opanda choti achite fotokope. Anamupatsa limodzi mwa mapepala aja, atalipinda panayi. Pansi pa muvi panali mawu a inki yofiira.

"Kolorini wanga, kunja kwa mtima wanga kwatsala elekitironi imodzi yokha. Ndaisunga zaka zonsezi. Ndi yako. Ine, Sodiyamu wako."

Mtsikanayo anali ndi zaka 28. Anyamata ena anamutchulapo duwa, wina anamutchulapo mwezi, koma palibe anamujambulapo ndi timadontho. Anawerenga kalatayo kanayi ataimirira, n'kuwerenganso atakhala pansi.

Ankakhala chipinda chimodzi ndi mkulu wake, telala wa makina opalasa, mayi woti chibwenzi anachiwonapo n'kuchisokerera m'thumba. Mkuluyo anawerenga kalatayo ali ndi singano pakamwa.

"Kolorini si mankhwala otsukira chimbudzi aja?"

"Asisi, inu simungamve. Ndi sayansi."

"Eya. Nafenso bambo a mwana uja anatibwerera ndi masamu. Anatichotsera zonse."

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula yoyamba. M'mawa: "Kolorini wanga, wadzuka bwanji m'chigoba chako?" Masana: "Ndili pabolodi koma choko chikulemba iwe." Madzulo: "Popanda iwe ndine atomu yosakhazikika." Mtsikanayo ankayankha zonse, ngakhale zimene sankazimvetsa. Kodi munthu akakupatsa elekitironi yake yomaliza, ungamufunse kuti amatanthauzanji?

Mwezi usanathe, a Chigoba anabwera ndi makope anayi omanga ndi mphira. Linali buku lawo, lolemba pamanja, limene ankati likadzatuluka aphunzitsi ena adzasiya ntchito ndi manyazi.

"Likufunika kutayipa," anatero. "Ndipo sindingapatse munthu wamba. Tsamba loyamba padzakhala dzina lako, m'zilembo zikuluzikulu. Buku likangotuluka, ndikaonekera kwanu. Ndalonjeza."

"Kompyuta ya muno m'kati mwa sabata imakhala ya makasitomala."

"Nanga Loweruka?"

"Loweruka mayi anandimasula kuti ndizipita kukalasi. Ndi tsiku lokhalo limene ndili nalo, aphunzitsi."

A Chigoba anaseka mwachifundo.

"Kalasi ya obwereza? Ukafuneko chiyani uli ndi ine? Munthu wokhala pachitsime sagula madzi a m'botolo. Ndidzakuphunzitsa ndekha, mutu ndi mutu."

Mtsikanayo anayang'ana makopewo, anayang'ana tayi, n'kupereka Loweruka lake.

Kuyambira pamenepo Loweruka linkayenda chimodzimodzi. A Chigoba ankafika cha m'ma 8, kumupsompsona pachipumi, kumuuza masamba oti atayipe, n'kuyang'ana wotchi. Nthawi zonse pankakhala msonkhano wa aphunzitsi umene sukanayamba iwo kulibe. Ankabwerera madzulo kudzawerenga zimene watayipa, n'kukonza mitengero ndi cholembera chofiira. Kenako ankamugulira chakumwa chozizira chimodzi, iwo n'kumwako theka.

Za kumuphunzitsa zinkayembekezera mutu wotsatira.

Anatayipa mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Zala zinkadziwa mawu onse, koma mutu wake sunkasunga kanthu, chifukwa munthu wotayipa amaona zilembo, saona tanthauzo. Chiganizo chimodzi chokha, m'mutu wachinayi, ndi chimene chinamuimitsa.

"Mu mchere, ayoni iliyonse ya sodiyamu imazunguliridwa ndi maayoni sikisi a kolorini."

Anatenga foni.

"Aphunzitsi, zoti sodiyamu amakhala ndi makolorini sikisi simunandiuze."

Yankho linabwera patatha maola awiri. "Zimenezo ndi za m'buku, Kolorini wanga. Za mumtima ndi zina."

Anaseka, n'kupitiriza kutayipa. Koma kusekako kunatuluka kouma.

Miyezi isanu inatha. Mauthenga a masana anasiya, a madzulo n'kuyamba kubwera mawa lake. Mtsikanayo ankaika foni pamwamba pa makina, n'kumadzidzimuka pepala lililonse likatuluka. Ankazimitsa foni n'kuyatsanso, mwina vuto ndi netiweki. Anapempha mkulu wake kuti amutumizire uthenga poyesa. Unafika nthawi yomweyo.

"Netiweki ilibe mlandu," anatero mkuluyo.

"Atanganidwa ndi ana, mayeso ayandikira."

"Ako aja atalikira?"

Kunatsala milungu itatu. Mtsikanayo anatsegula kope lake la kukalasi ndipo tsiku lomaliza kulembamo linamuyang'ana ngati mboni. Anatseka msanga. Anadziuza kuti palibe kanthu. Mkazi wa wolemba mabuku angafunenso unamwino? Nanga akalephera mayeso, ukwati n'kulepherekanso? Funso lachiwirili ankalithawa ngati galu wa eni ake.

Analemba: "Sodiyamu wanga, mwakhala chete. Ndalakwa chiyani? Ngati ndi mitengero ija ndikonza." Anafufuta. Analembanso chimodzimodzi, n'kutumiza.

Lachisanu m'mawa munalowa mayi wa yunifolomu yoyera, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Namwino. Mtsikanayo anaiyang'ana yunifolomuyo nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera.

"Asisi, mumamata mapepala m'pulasitiki?"

"Timamata."

"Ndithandizeni aka. Kayamba kung'ambika m'mopinda, ndimakawerenga kwambiri." Namwinoyo anaseka mwamanyazi. "Ndi kalata ya abwenzi anga. Musaseke, ndi munthu wa sukulu zambiri."

Mtsikanayo anatambasula pepalalo.

Sanayambe kuona mawu. Anayamba kuona kamzere kakuda kumanzere, kowonda ngati ulusi, kothyoka pang'ono chapakati. Kenako mizere yozungulira, muvi, ndi inki yofiira.

"Kolorini wanga, kunja kwa mtima wanga kwatsala elekitironi imodzi yokha."

Ana 64. Mafotokope 70. Masamu amenewa sanafunike kalasi ya Loweruka.

"Akuti buku lawo likangotuluka akaonekera kwathu," namwinoyo ankapitiriza. "Ine ndi amene ndimawajambulira zithunzi za m'bukumo, ndili ndi dzanja labwino. Asisi, muli bwino? Mwatuwa. Takhalani pansi."

Mtsikanayo sanakhale pansi. Anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa pepala lopinda panayi, n'kuliyala pambali pa linzake. Timizere tiwiri tinafanana ngati mapasa. Ngakhale kadontho ka pamwamba pa "i" kanagwera malo amodzi.



Namwinoyo anawerenga onse awiri, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga zotsatira za magazi.

"Inu tsiku lanu ndi liti?" anafunsa.

"Loweruka."

"Ine Lachitatu."

"Anachita mafotokope sikisi owonjezera. Ndinawachitira ndine."

"Ndiye amapuma tsiku limodzi," anatero namwinoyo. "Munthu woopa Mulungu."

Kenako anakankhira pepala lake kutsogolo.

"Matani basi, asisi. Ndikufuna likhale lolimba pokawamenya nalo."

Mtsikanayo anamata. Anadula m'mbali mowongoka bwino, chifukwa ntchito ndi ntchito. Namwinoyo atatuluka, anagwada kuseri kwa makina, pamene pamakhala mapepala owonongeka, n'kulira mopanda mawu kuti wogulitsa nthochi wa pakhomo asamve.

Madzulo ake mkulu wake anaimitsa makina osokera, chinthu chimene sankachita ngakhale kubwere alendo.

"Asisi, mwina weniweni ndi ine," anatero mtsikanayo. "Mwina enawo ndi ongowathandiza. Buku lonse lili ndi ine. Munthu sangapatse buku lake lonse mkazi woti samukonda."

"Angapatse wodziwa kutayipa."

"Anandilonjeza tsamba loyamba."

"Iwe ntchito yako ndi fotokope. Pepala ukangoligwira umadziwa ngati ndi lenileni. Lakolo ndi lenileni?"



"Ndikufunse china," anatero mkuluyo. "Miyezi isanu yonseyi, anayamba akutchulapo dzina lako?"

"Amanditchula Kolorini wanga."

"Ndamva. Ndikuti dzina limene anakupatsa amayi."

Mtsikanayo anatenga foni, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo m'mauthenga. Anabwerera mpaka pa woyamba. Chala chinatopa. Dzinalo munalibe.

Komabe Loweruka m'mawa anavala diresi yake yabwino. Anadzola ndi mafuta onunkhira. Mtima wa munthu ndi wouma mutu kuposa mbuzi. Unkati: akangolemba dzina langa, enawo ndiwakhululukira. Ndikhala wa sikisi, koma wodziwika.

A Chigoba anafika cha m'ma 8, atanyamula kope lomaliza. Patsaya lakumanzere panali kachilonda kowongoka bwino, ngati kodula ndi m'mphepete mwa pulasitiki.

"Lumo," anatero asanafunsidwe. "Kolorini wanga, lero timaliza. Mutu wachisanu. Dziko lidikire."

"Tsamba loyamba silinalembedwe, aphunzitsi."

"Limenelo ndi la pomaliza."

"Ndikufuna mulilembe lero, ndi dzanja lanu." Anawaikira pepala loyera patebulo. "Mulembe kuti buku ili ndi la ndani. Dzina langa, monga munalonjezera."

A Chigoba anamwetulira ngati apatsidwa funso losavuta. Anasankha cholembera chapakati, anachivula chivindikiro, n'kugwedeza dzanja kuti magazi ayende. Analemba kuti "Kwa wokondedwa wanga", m'zilembo zopendekera. Kenako cholembera chinaima m'mwamba.

Chinaima kanthawi kochepa chabe. Maso awo anatembenukira kukhomo, kumene chikwangwani chinkaonekera pagalasi la zenera, n'kubwerera papepala. Analemba mwachangu, anadula mzere pansi, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Dzinalo linali lokongola ndithu. Linali la mayi a zaka 61, a zidzukulu zinayi, odandaula za inki.

Mtsikanayo analiyang'ana nthawi yaitali. Anayembekezera kuti alira, koma misozi inali ngati yapita kukaitana inzake.

"Mayi akabwera Lolemba ndidzawapatsa," anatero. "Adzasangalala. Amuna awo salemba makalata."

"Ukutanthauzanji?"

"Dzinali ndi la eni shopu."

A Chigoba anakonza tayi.

"Dzina ndi chizindikiro chabe, Kolorini wanga. Mu sayansi chofunika ndi khalidwe la chinthu."

"Namwino uja anabwera muno dzulo."

"Namwino uti?"

"Alipo angati?"

Apa a Chigoba anakhala pampando wa makasitomala osaitanidwa. Kwa nthawi yoyamba jekete linaoneka lalikulu kuposa mwini wake.

"Tamvera. Munthu wa mutu ngati wangawu amafunika anthu omuzungulira. Koma wapamtima ndi iwe. Ena aja..."

"Ndi za m'buku."

"Eya. Ayi. Usandisokoneze."

Mtsikanayo anazula fulashi yosungira bukulo pakompyuta, n'kuiika pamwamba pa kope lomaliza. Kopelo linali lotsegula, ndipo maso ake anagwera pa mzere woyamba wa mutu wachisanu. Anauwerenga mokweza.

"‘Mchere ukagwera m'madzi, sodiyamu ndi kolorini amasiyana, aliyense n'kuyenda yekha.’ Munati osasiyananso, aphunzitsi."

"Phunziro limenelo tinali tisanafike."

"Tafika."

Anatenga chikwama chake ndi kope lake la kukalasi, lomwe linali litagwira fumbi pansi pa tebulo. Anazimitsa kompyuta, anazimitsa makina, n'kuima pakhomo ndi loko m'manja. A Chigoba anatuluka chifukwa panalibenso kochitira.

"Nanga mutu womaliza atayipa ndani?"

"Muli ndi Lolemba, Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu. Lachitatu musayese."

"Ndinakupatsa elekitironi yanga yomaliza!" Mawu awo anakwera moti wogulitsa nthochi anasiya kuwerenga nthochi zake. "Ukundisiya wopanda kanthu."

"Munandipatsa fotokope, aphunzitsi. Yochita ine ndemwe." Loko inalira. "Amene anali ndi chinthu chimodzi chokha kunja kwake ndi ine. Loweruka. Ndinakupatsani lonse, miyezi isanu. Ndataya kalasi, mwina ndataya ndi mayeso omwe. Lero ndataya inu. Ndiye mundiuze, poti ndinu a sukulu zambiri. Wotaya amakhala chiyani?"

Munthu akhoza kusiya akazi sikisi, koma uphunzitsi sausiya. Yankho linatuluka lokha, a Chigoba asanaligwire.

"Pulasi."

"Zikomo. Mwandiphunzitsako kamodzi."

Basi inali itadzaza, anakhala pakampando kopinda, bondo likugunda thumba la munthu wina. Sanadzimve pulasi ngakhale pang'ono. Anadzimva ngati chipinda chimene achotsamo katundu. Foni inanjenjemera m'chikwama. "Kolorini wanga, tiye tikambirane." Sanadziwe ngati uthengawo wapita kwa iye yekha.

Misozi inafika tsopano, yonse pamodzi, inzake ija itabwera nayo. Itatsikira pamilomo inali ya mchere. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja, n'kuzimitsa foni.

Kukalasi anapeza phunziro lili pakati. Mayi ophunzitsa obwereza, a magalasi omanga ndi ulusi, anasiya kulemba pabolodi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kwatsala milungu itatu, mwana iwe. Unali kuti?"

"Ndinkatayipa, madamu."

"Takhala pansi, tione zimene tingapulumutse."

Anatsegula buku la mayina, chala chikutsika pamzere umene unali wopanda chizindikiro kwa miyezi isanu. Sanafunse. Anangoliitana, lonse, dzina limene anamupatsa amayi ake.



"Ndilipo," anatero mtsikanayo.